Tiyeni Timusake Shuga

 Ine azakhali anu ndabwera ndi funso. Kodi shuga amachokera kuti? Ndikumva wina akukuwa kuti, "Ku golosale!" Wina akuti, "Mu paketi!" Eya, simunaname. Koma wagolosale sapanga shuga. Iye amangopikula n'kumagulitsa. Shuga amachokera kumunda. Amakhala mu nzimbe, yomwe ija mumatafuna pochokera kusukulu.

Nanga nzimbe ndi mtengo? Ayi ndithu. Ngakhale imatalika kuposa abambo anu, nzimbe ndi udzu. Inde, udzu! Ili pachibale ndi chimanga, mapira, ndiponso mpunga umene amalima m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Simukukhulupirira? Thyolani tsamba la chimanga ndi la nzimbe. Muwagoneke pamodzi. Onse ndi aatali, osongoka kumapeto, ndipo ali ndi mzere pakati. Koma gwirani mosamala, tsamba la nzimbe limacheka. Kenako yang'anani mapesi ake. Onse ali ndi mfundo. Amene munatafunapo misinde mukudziwa kuti abale a nzimbe ena nawonso amatsekemera.

Tsono ndani amathira shuga mu nzimbe? Apa ndiye pali zodabwitsa. Mlimi sathira. Feteleza satsekemera. Dothi nalonso silitsekemera, ndipo musalilawe! Amene amapanga shuga ndi masamba. Mizu imamwa madzi pansi. Madziwo amakwera mpaka kumasamba. Masamba amakoka mpweya, womwe uno tikupumawu. Kenako dzuwa likawala, tsamba lobiriwira limatenga kuwalako, madzi ndi mpweya, n'kupanga shuga. Lilibe mphika. Lilibe moto. Silichita phokoso. Taganizani: madzi satsekemera, mpweya sutsekemera, kuwala sikutsekemera. Koma zitatuzi zikakumana m'tsamba, kutsekemera kumabadwa. Ine mpaka lero ndikayang'ana tsamba ndimagwira pakamwa.

Kodi ndi nzimbe yokha imene imadziwa zimenezi? Ayi. Chomera chilichonse chobiriwira chimapanga shuga. Ndicho chakudya chake. Mtengo wa mango umaika shuga wake m'mango. Nthochi zimaika m'nthochi. Koma nzimbe imasunga wambiri m'phesi, mfundo ndi mfundo. Imayamba kudzaza kumunsi. Tayesani kulawa kachidutswa ka kutsinde ndi ka kunsonga. Kotsekemera kwambiri ndi kati? Mupeza kuti n'ka kutsinde. N'chifukwa chake pogawana nzimbe aliyense amathamangira kutsinde, wamng'ono n'kumusiyira kunsonga. Enanu ndikukuonani, mukuseka!

Kodi mbewu ya nzimbe munaionapo? Alimi safesa njere. Amabzala nzimbe yeniyeniyo. Tengani nzimbe, muwerenge mfundo zake. Pamfundo iliyonse pali kadiso kakang'ono. Kadiso kameneko ndiye kamwana ka nzimbe, kali m'tulo. Dulani chidutswa cha mfundo ziwiri kapena zitatu, akuluakulu akuthandizeni mpeni. Chigonekeni m'kadzenje, pamalo achinyontho, mukwirire pang'ono. Muzithirira. Pakapita masabata ochepa kadiso kadzadzuka n'kutumphuka. Koma khalani oleza mtima. Nzimbe imatenga pafupifupi chaka chathunthu kuti ikhwime. Mukaidula, chitsa chake chimaphukanso chokha.

Nanga shuga wa m'paketi amalimidwa kuti? Tsekani maso, tiyende ulendo. Taimirira pa mlatho wa Liwonde. Pansi pathu pakudutsa mtsinje wa Shire. Apa pali zitseko zikuluzikulu zamadzi za Kamuzu Barrage, zimene zinamangidwa mu 1965. Sankhani kadontho kamodzi ka madzi. Kachokera m'nyanja ya Malawi. Kadutsa pa Mangochi, kalowa m'nyanja ya Malombe. Kadutsa pakati pa mvuu ndi ng'ona za m'nkhalango ya Liwonde. Tsopano kakupita kumwera. Pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira kathandiza kupanga magetsi. Kenako katsikira kuchigwa chotentha cha Chikwawa. Pofika pa Nchalo, mapampu akakoka n'kukathira m'munda wa nzimbe, munda waukulu woti maso sangaone pothera. Muzu wakamwa. Tsamba lakalandira. Dzuwa la ku Nchalo lawala. Kadontho kathu kaja kathandiza kupanga shuga! Mwina shuga amene mwamwera tiyi lero anakula ndi madzi amene anadutsa pa Liwonde chaka chatha. Tsegulani maso tsopano.

Kodi fakitale ya shuga ili ku Nchalo kokha? Ayi. Ya ku Nchalo ndiyo yakale, inayamba kupanga shuga mu 1966. Ina ili ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, ndipo inatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ziwirizi lero zili m'manja mwa kampani ya Illovo. Palinso ina yatsopano ku Salima. Pezani malo atatuwa pa mapu a m'kalasi mwanu. Onse ndi malo otentha, pafupi ndi madzi ambiri. Nzimbe imakonda zimenezo.

Nanga nzimbe yolimba ija imasanduka bwanji timiyala toyera? Mvula ikatha, ntchito yodula imayamba. Ndi ntchito yakalavulagaga. Anthu amadula ndi zikwanje, thukuta lili kamukamu. Nzimbe zimapakiridwa m'ngolo ndi m'magalimoto kupita ku fakitale. Kumeneko makina amazitemadula n'kuzifinya, monga mano anu amachitira potafuna. Madzi otsekemera amatuluka. Amawayeretsa kuti zitsotso zichoke. Kenako amawawiritsa. Nthunzi imathawa, zotsala zimakhala phalaphala, zabii ndi zomata. Akapitiriza kuwiritsa, timiyala timayamba kuoneka m'katimo. Ndiye amazizunguza m'makina othamanga kwambiri. Zomata zija zimatayikira kumbali, timiyala n'kutsala. Amatiumitsa, n'kutilongedza m'mapaketi. Zomata zakuda zija dzina lake ndi molasesi. Shuga wofiirira amakhala ndi molasesi pang'ono. Woyera amakhala atamuyeretsanso kachiwiri.

Pamafunika nzimbe zochuluka bwanji kuti paketi imodzi idzaze? Zambiri kuposa mmene mukuganizira. Kuti apeze kilogalamu imodzi ya shuga, amafinya nzimbe zolemera makilogalamu 8 mpaka 10. Tanyamulani paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Tsopano yerekezani kuti mwasenza mtolo wolemera ngati mapaketi 10. Kutsekemera kwa mtolo wonsewo ndiko kwapanikizana m'paketi imodzi. Kumbukirani zimenezi, tizifunanso kutsogoloku.

Kodi zotsalira zimatayidwa? Inu mukatafuna nzimbe mumalavula, nkhuku n'kumatokosa. Ku fakitale sataya. Makoko ofinyidwa aja amawasonkhezera moto, ndipo motowo umayendetsa makina ndi kupanga magetsi. Molasesi naye ali ndi ntchito. Ku Dwangwa ndi ku Chikwawa kuli mafakitale amene amamusandutsa mafuta otchedwa ethanol, amene amasakanizidwa ndi petulo. Ndiye mukaona njinga yamoto ikuthamanga kuchoka pa Liwonde kupita ku Ntaja, dziwani kuti m'thanki mwake muli kanzimbe pang'ono.

Kodi nzimbe kwawo n'kuno? Ayi, ndi yobwera. Kwawo n'kutali, kutsidya kwa nyanja zamchere, pa chilumba chachikulu cha New Guinea. Anthu a kumeneko anayamba kuilima zaka masauzande ambiri zapitazo. Ankangotafuna ngati inu. Nzimbe inayenda m'mabwato mpaka inafika ku India. Amwenye ndiwo anatulukira nzeru yowiritsa madzi ake mpaka kusanduka timiyala. Zinali nzeru zazikulu, chifukwa nzimbe ikadulidwa sichedwa kusasa, koma shuga wouma amasungika nthawi yaitali. Kenako Aluya anaifalitsa ku Egypt ndi kumaiko ena. Ku Ulaya shuga anali wodula kwambiri. Ankadya mafumu ndi anthu olemera okha, ndipo ena ankamugula ngati mankhwala.

Nanga zinatani kuti shuga achuluke? Apa nkhani yake ndi yomvetsa chisoni, koma muyenera kuidziwa. Mu 1493 Christopher Columbus ananyamula nzimbe kupita nazo ku zilumba za Caribbean. Zinakula bwino. Eni minda anafuna anthu ambiri ogwira ntchito popanda malipiro. Anthu mamiliyoni a mu Africa anagwidwa ukapolo n'kuwolotsedwa nyanja. Ambiri mwa iwo anakavutika m'minda ya nzimbe ya ku Caribbean ndi ku Brazil. Ukapolowo unathetsedwa kalekale. Lero Brazil ndiye amalima nzimbe zambiri padziko lonse, kenako India. Maiko ozizira, kumene nzimbe sizikula, amapanga shuga kuchokera ku muzu wina woyera wonenepa wotchedwa beet.

Shuga wa m'paketi asanabwere, agogo a agogo athu ankatsekemeretsa ndi chiyani? Musaganize kuti ankadya zozizira mkamwa zokhazokha. Anali ndi masau, masuku, nthochi ndi misinde. Anali ndi thobwa, limene limatsekemera lokha chifukwa cha chimera. Koposa zonse anali ndi uchi. Ndipo pofuna uchi anali ndi mthandizi wa mapiko, mbalame ya nsadzu. Mbalameyi imadziwa mtengo umene muli njuchi, koma siyingautsegule. Munthu ali ndi nkhwangwa ndi utsi, koma sadziwa kumene kuli njuchi. Ndiye mbalame imalira, n'kumauluka kuchoka mtengo uwu kupita mtengo uwo, munthu akutsatira. Munthu amatenga uchi, mbalame imadya phula. Ku Niassa, m'dziko la Mozambique, Ayao ofula njuchi amachitabe zimenezi mpaka lero. Ali ndi kaitanidwe kawokawo, ndipo mbalame zimakazindikira. Kafunseni agogo ngati anatsatirapo nsadzu. Mwina mumva nkhani yokoma kuposa yangayi.

Kodi ntchito ya shuga m'zakudya ndi kutsekemeretsa basi? Ayi, ali ndi ntchito zina zobisika. Yang'anani mandasi. N'chiyani chimawafufumitsa? Ndi yisiti, tizamoyo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Timadya shuga n'kutulutsa mpweya, ndipo mpweyawo ndiwo umatupitsa ufa wokanda. Nyemani ndasi, muwerenge timabowo ta m'kati. Bowo lililonse munali mpweya. Shuga amathandizanso kuti mandasi ndi chigumu zifiirire bwino pamoto. Amagonjetsa kuwawasa kwa malambe ndi bwemba, zipatso zimene a ku Balaka mumazidziwa bwino. Ndipo mango akachuluka, amayi akawaphika ndi shuga wambiri amapanga jamu amene sawola msanga. Tizirombo towoletsa zinthu timafuna madzi, koma shuga amawagwira madziwo osawataya.

Mukatakasa tiyi, shuga amapita kuti? Amangobisala. Timiyala timasungunuka n'kumwazikana m'madzi monse. Tingathe kumugwira! Thirani madzi ofunda pang'ono m'kapu. Onjezani shuga supuni imodzi, mutakase mpaka asowe, koma mupemphe kaye kwa amayi. Thirani madziwo m'kambale kosazama, muike padzuwa. Nyerere zimakonda shuga, choncho khazikani kambaleko pamwala umene uli m'beseni la madzi. Muzikaona tsiku ndi tsiku. Madzi adzauluka. Kudzatsala zomata, ndipo mukadikirabe mudzaona timiyala tikunyezimira. Mwachita zomwe amachita ku Nchalo, kungoti inu mwaumitsa ndi dzuwa.

Kodi m'nsima muli shuga? Mukana, ndikudziwa. Koma tayesani izi. Tengani kambamu ka nsima kopanda ndiwo, kapena mpunga wophika wopanda mchere. Tafunani osameza. Werengani chamumtima mpaka 60. Mukumva chiyani? Kayamba kutsekemera pang'ono! Malovu anu ndiwo achita zimenezo. Amaphwanya nsima n'kutulutsa shuga amene anamangidwa m'katimo. M'mimba ntchitoyi imapitirira. Nsima, chinangwa, mbatata ndi mpunga zonse zimasanduka shuga wa thupi. Shuga ameneyo amayenda m'magazi. Ndiye amene amakupatsani mphamvu zosewerera fulaye, zothamangitsa mpira wa chikulunga, ndi zowerengera masamu. Ubongo wanu umamufuna usana ndi usiku.

Ngati thupi limafuna shuga, bwanji osangodya wa m'paketi yekha? Funso labwino! Mukadya nsima ndi mbatata mumakhala okhuta nthawi yaitali. Shuga wa m'maswiti amalowa m'magazi mwachangu n'kutha mwachangu. Posakhalitsa njala yabwerera. Changu chimenechi nthawi zina chimathandiza. M'mwezi wa Ramadan, akuluakulu amene asala tsiku lonse amayamba ndi kanthu kotsekemera dzuwa likalowa, mphamvu n'kubwerera. Koma pambuyo pake amadya chakudya chenicheni. Shuga yekha sakulitsa munthu. Samanga mafupa, samanga minofu, sapanga magazi.

Mukukumbukira magulu a zakudya amene munaphunzira kusukulu? Alipo 6. Tiwerengere pazala. Zokhutitsa, monga nsima ndi mpunga. Zanyama, monga matemba a ku Chilwa, mazira ndi mkaka. Zanyemba, monga nandolo, khobwe ndi mtedza. Zamasamba, monga chisoso ndi nkhwani. Zipatso. Zamafuta. Zala za dzanja limodzi zatha, tabwereka chimodzi kudzanja linalo. Nanga gulu la shuga lili pati? Palibe. Pa mbale, shuga ndi mlendo. Mlendo timamulandira ndi manja awiri, timasangalala naye, koma sitimupatsa nyumba yonse.

Nanga mawu akuti vitamini A olembedwa pa paketi akutanthauza chiyani? Kapezeni paketi muone. Kuyambira mu 2012, mafakitale a kuno kwathu anayamba kuthira vitamini A mu shuga. Vitamini ameneyu amathandiza maso kuona bwino kukada, ndipo amathandiza thupi kulimbana ndi matenda. Anasankha shuga chifukwa amafika m'makomo ambiri. Koma musati, "Amayi, onjezani shuga, ndikufuna vitamini!" Amayi anu ndi ochenjera. Akuuzani kuti vitamini A ali mbwee m'mango akupsa, mapapaya, maungu, mbatata yofiira m'kati ndi masamba obiriwira.

Tsono shuga wokwanira ndi wochuluka bwanji? Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linapereka malangizo mu 2015. Linati ndi bwino kwambiri ngati munthu wamkulu sapitirira masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga wothira patsiku. Mwana ndiye ayenera kuchepetsako. Sakunena shuga wa m'chipatso chimene mwadya chathunthu, kapena wa mumkaka. Akunena wothira, wa m'maswiti, m'mabisiketi ndi m'zakumwa. Tiwerenge. Mu tiyi wam'mawa mwathira masupuni 3. M'phala mwathira 2. Akhala angati? Akhala 5. Pa buleki mwagula filizesi. Tapitirira kale! Nanga botolo limodzi la chakumwa choziziritsa kukhosi? M'botolo la mamililita 300 mumatha kukhala masupuni 7 kapena 8. Mukukumbukira mtolo wa nzimbe uja? Kutafuna nzimbe kumachedwa, nsagwada zimatopa, munthu n'kuleka. Koma botolo mumangoti gwedegwede, latha.

Shuga akachuluka chimachitika n'chiyani? Oyamba kulira ndi mano. M'kamwa mwa aliyense muli tizirombo tosaoneka. Nato timakonda shuga. Tikadya timatulutsa timadzi towawasa timene timakumba dzino pang'onopang'ono, mpaka bowo. Switi imene mumaivumata nthawi yaitali ndiyo imatidyetsa bwino. Choncho tsukani mano m'mawa ndi pogona. Mukadya zotsekemera, chukuchani ndi madzi. Shuga wambiri wa tsiku ndi tsiku amanenepetsanso mopitirira, ndipo kunenepa kotero kumatsegulira njira matenda a shuga munthu akakula. Koma mvetsetsani apa. Alipo ana ndi akulu amene amadwala matenda a shuga popanda kulakwitsa kanthu. Ngati muli ndi mnzanu wotero, musamuseke. Mukumbutseni za mankhwala ake, ndipo muzisewera naye.

Kodi mwana wakhanda mungamulawitse switi? Ayi, ana anga. Ambiri a inu mumabereka ang'ono anu amayi akapita kudimba, ndiye mverani. Mwana wosakwana miyezi 6 chakudya chake ndi bere lokha. Mkaka wa m'mawere uli ndi shuga wakewake womukwanira. Uchi musamupatse mpaka atakwanitsa chaka, ungamudwalitse. Akayamba phala, nsinjiro kapena nthochi yofinya zimakometsa bwino kuposa supuni ya shuga.

Kodi shuga angapulumutse moyo? Inde, ndipo apa ndimamulemekeza. Mwana akatsegula m'mimba amataya madzi ambiri. Maso amalowa, thupi limafooka. Kuchipatala amapereka Thanzi ORS, kapaketi kamene amasungunula m'madzi aukhondo okwana lita imodzi. M'kapaketimo muli mchere ndi shuga, zoyezedwa bwinobwino. Chifukwa chiyani shuga? Chifukwa m'matumbo shuga akamalowa m'thupi amalowa limodzi ndi mchere, ndipo madzi amawatsatira. Kamuyezo kakang'ono kameneka kapulumutsa ana ambirimbiri padziko lonse. Koma osakaniza akhale akuluakulu, motsatira malangizo a alangizi a zaumoyo. Ntchito yanu n'kuthamanga kukawauza mng'ono wanu akadwala.

Ndani amakonda samu? Nayi ya sabata ino. M'paketi ya kilogalamu imodzi muli masupuni ang'onoang'ono pafupifupi 250. Pakhomo pali anthu 5. Aliyense amamwa tiyi kamodzi patsiku, n'kuthira masupuni 2. Patsiku pakutha masupuni angati? Pakutha 10. Ndiye paketi ikhala masiku 25. Imeneyo ndakuchitirani ine. Yanu ndi iyi: aliyense akamathira supuni imodzi yokha, paketi yomweyo ikhala masiku angati? Lembani yankho m'kope. Kenako muwerenge anthu a pakhomo panu, muwafunse masupuni amene amathira, mupeze masiku a paketi yanu. Yankho mukawaonetse amene amagula shuga pakhomopo.